Foni ya mabatani, MiFi kapena Android yotchipa: zimene ndinayesa pakhomo pa amayi ku Lizulu

Anzanga a kuntchito ku Lilongwe, makamaka amene makolo awo ali ku Dedza ndi ku Ntcheu ngati ine, amandifunsa kawirikawiri kuti asiye chipangizo chotani kumudzi kuti azitumizirana mauthenga a WhatsApp ndi makolo popanda kubwereka foni kwa mwana wa pakhomo lina. Ndayesa njira zitatu kwa amayi anga, kufupi ndi msika wa Lizulu, ndipo imodzi mwa njirazo inandidyera ndalama moti mpaka lero mtima umandiwawa ndikaikumbukira.

Njira imeneyo ndi foni ya mabatani imene amati ili ndi WhatsApp. Ndinaikonda pa zifukwa zomveka: amayi anazolowera kudina mabatani, zala zawo zimene zakumba kachewere kwa zaka zambiri sizimvana msanga ndi galasi la mafoni amakono, ndipo batire la foni yotere limakhala masiku angapo. Mu Ogasiti 2024 ndinalowa m'sitolo ina pa boma la Dedza, ndipo wogulitsa anatulutsa foni yoyendera pulogalamu ya KaiOS, katoni yake ili ndi chizindikiro chobiriwira cha WhatsApp pakona. Anandiuza kuti, "Bwana, imeneyi ndiye ya mayi wamkulu, zonse zilimo kale, mukangoika simu basi." Ndinalipira osanenerera.

Madzulo a tsiku lomwelo tinakhala pakhonde, amayi atavala magalasi awo owerengera Baibulo, ine ndikulemba nambala yawo mufoni muja. Tinadikira uthenga wa manambala 6 umene umabwera polembetsa, koma foni inangokana kupitirira. Ndinaganiza kuti vuto ndi netiweki, choncho ndinakwera pachulu kuseri kwa khola, ndinazimitsa ndi kuyatsanso foniyo, ndinasintha simu, mpaka mdima unagwa amayi akufunsa kuti, "Kodi yatheka, mwanawe?" Nditabwerera ku Lilongwe m'pamene ndinadziwa kuti WhatsApp inali itatseka kale kulembetsa anthu atsopano pa mafoni a KaiOS pakati pa chaka chomwecho, ndipo kumayambiriro kwa 2025 inasiyiratu kugwira ntchito ngakhale kwa amene analembetsa kale. Chizindikiro cha pakatoni chinasindikizidwa nthawi imene zinthuzi zinkatheka, ndipo katoni siidziwa kuti zinthu zasintha.

Wogulitsa uja ndiye amayenera kudziwa. Nditabweza foniyo anandilozera mawu a pansi pa risiti akuti katundu wogulidwa sabwezedwa, nanena kuti foni ikuyimba ndiponso ikulandira, ndiye palibe chimene chawonongeka. Ndalama imene ndinapereka inali yokwanira kugula mafoni wamba a mabatani oposa imodzi, ndipo zimenezi zinachitika kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene mtengo wa katundu aliyense wochokera kunja unali utakwera. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mafoni amenewa akadali m'magalasi a masitolo ndi pa mabenchi a m'misika, ndipo amene amawagula ndi ana ofuna kuchitira makolo awo zabwino. Aliyense amene akukugulitsani foni ya mabatani ponena za WhatsApp mumuuze alembetse nambala yanu pomwepo muli kuona, ndalama ikadali m'thumba mwanu.

Njira yachiwiri inali kabokosi ka MiFi, kamene mumaikamo simu ndipo kamafalitsa Wi-Fi m'nyumba, pamodzi ndi foni yanga yakale. Ubwino wake weniweni ndi umodzi, ndipo si waung'ono: kabokosiko mungakaike pawindo pamene netiweki imagwira bwino, inu n'kukhala pamphasa kuchipinda mauthenga akulowa. Pakhomo pa anthu ambiri, monga nyumba ya aphunzitsi imene ana atatu ali ndi mafoni, njira imeneyi ndi yabwino, bola musinthe nambala yachinsinsi imene imalembedwa pansi pa chivindikiro, apo ayi bandulo ya mwezi idzathera kwa anyamata okhala pa mpanda. Kwa amayi okha sinathandize. Zotchaja zinakhala ziwiri pa sola imodzi yaing'ono, ndipo amene amadziwa nkhungu ya Juni ndi Julayi m'mapiri a kuno akudziwa kuti dzuwa likhoza kubisala masiku atatu. Komanso amayi akapita kudimba, kumaliro kapena ku msonkhano wa amayi a mpingo, foni inkapita nawo koma intaneti inkatsala pawindo.

Imene yakhalitsa ndi foni yotchipa ya Android, ya mtundu wa itel kapena Tecno imene imapezeka paliponse, yokhala ndi simu yakeyake. Za kamera ndi kukula kwa galasi sindinenapo kanthu. Mukamagula yogwiritsidwapo ntchito kale muone Android imene ili m'katimo, chifukwa kuyambira mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa Android yakale kuposa 5.0, ndipo malire amenewa amakwezedwa pakapita nthawi. Mantha anga a galasi anali opanda pake, popeza amayi salemba n'komwe: amadina kachizindikiro ka maikolofoni, n'kulankhula monga akuyankhula ndi munthu amene wakhala pambali pawo, kuyambira pa moni mpaka pa mtengo wa feteleza. Zimene ndinakonza tsiku loyamba ndi zitatu. Ndinatseka kuti zithunzi ndi mavidiyo zisamatsike zokha, chifukwa gulu limodzi la mpingo likhoza kudzaza foni ndi kumaliza bandulo pa sabata imodzi. Ndinaika PIN ya chitetezo chachiwiri pa WhatsApp, ndipo ndinawauza kuti manambala 6 obwera pa uthenga polembetsa aja asapatse munthu aliyense ngakhale atanena kuti akuyimba kuchokera ku ofesi. Simu inalembetsedwa pa chiphaso chawo cha unzika, monga malamulo a MACRA akhala akufunira kuyambira mu 2018, kuti foni ikatayika iwo eni athe kukatenganso nambala yawo.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu a m'tauni sachiganizira, koma chimakhudza njira zonse zitatu kwa ife a m'mphepete mwa msewu wa M1. Pa Lizulu, msewu ndiwo malire, ndipo tsidya linalo ndi Mozambique, kumene kuli nsanja za Vodacom ndi Movitel. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki, nthawi zina imadumphira ya tsidya lina. Zikatero bandulo ya kuno sigwira, uthenga umangokhala ndi kawotchi pambali osapita, ndipo amene watumiza kuchokera ku Lilongwe amaona kochonga kamodzi tsiku lonse n'kuyamba kuda nkhawa kuti mwina kumudzi kwagwa zovuta. Amayi anayimbapo kawiri foni ili choncho, ndipo mayunitsi amene ndinawatumizira a mwezi wonse anatha, chifukwa kuyimba koteroko kumawerengedwa ngati kwa munthu amene ali kunja kwa dziko. Pa Android kukonza kwake n'kosavuta: mumalowa pa Settings, n'kupita pa za simu, n'kuchotsa Automatic, kenako n'kusankha nokha kampani ya kuno. Pa MiFi muyenera kulowa patsamba la kabokosiko kudzera pa foni ina, ntchito imene sindingayembekezere kuti amayi aichite okha chikasokonekera.

Choncho anzanga amene makolo awo ali ku Mlangeni, ku Biriwiri kapena ku Tsangano ndimawauza kuti agule Android yotchipa, aikonze okha ali kumudziko osati kuitumiza pa minibasi ili m'katoni, ndipo asanyamuke asanaone uthenga woyamba wa mawu ukufika pa foni yawo. Foni ya mabatani ija amayi amaigwiritsa ntchito ngati tochi popita kukatseka khola la mbuzi.