Miyezi 10 chisiyireni Windows ndi NVDA: zimene makutu anga amva

Lachiwiri usiku mnzanga amene tinaphunzira naye braille ku Magwero, ku Chipata, ananditumizira voisi pa WhatsApp. Anati, "Achimwene, kompyuta yanga ikungondiuza kuti Windows 10 anasiya kuisamalira, koma Windows 11 ikukana kulowa. Yogulira ina ndilibe. Kodi ndikutsatireni ku Linux kwanuko, kapena mukulirira mumtima?" Ndinayamba kuwayankha pompo, koma voisi yanga itafika mphindi 9 ndinaifufuta. Ndinaona kuti ndikuwauza za tsiku limodzi loipa ngati kuti ndiye chaka chonse. Ndiye ndati ndilembe mofatsa, chifukwa kuyambira pa 14 October 2025, pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, osaona anzanga ambiri muno mu Lusaka ali ndi funso lomweli.

Ine ndimadya za makutu ndi zala. Anthu ochita kafukufuku amanditumizira mawu amene anajambula m'midzi, ine n'kumvetsera, kulemba, nthawi zina n'kumasulira m'Chingelezi. Ndinayamba ndi JAWS ya demo, pulogalamu yowerengera osaona zimene zili pa sikirini, ija imalankhula mphindi 40 kenako n'kufuna kuti uzimitse kompyuta uyatsenso. Laisensi yake sindikanaikwanitsa. Nditamva za NVDA, chowerengera sikirini china chaulere chimene anayambitsa anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, mu 2006, ndinasamukirako ndipo ndinakhala nayo zaka zambiri popanda dandaulo. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sindinathawe NVDA ayi. Mpaka lero ndimaikonda.

Chinandichotsa ndi chilala cha 2024. Madzi atatsika ku Kariba, malaiti kuno ku Chawama ankabwera pakati pa usiku, maola ochepa, n'kupitanso. Usiku wina anabwera mwamphamvu, ndinamva fungo la pulasitiki wopsa, laputopu yanga n'kuthera pomwepo. Miyezi ingapo ndinakhalira foni ndi TalkBack, chowerengera sikirini cha pa foni, koma simungalembe masamba 40 pa foni. Mu January 2025 ndinapita m'tauni ndi mwana wanga wamkazi, n'kugula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, zija amati ex-UK, pa kashopu kena pafupi ndi Town Centre. Mtengo K3,800. Pa risiti mwana anandiwerengera kuti pali waranti ya miyezi itatu. Titafika kunyumba tinapeza kuti Windows imene anaikamo ikupempha laisensi, ndiponso makinawo alibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna. Ndinaona kuti ndikulipira laisensi ya chinthu chimene chikufa chaka chomwecho. Mu February ndinachotsa Windows n'kuika Debian 12, mtundu wina wa Linux umene ndi waulere, ndi maonekedwe ake otchedwa MATE, ndi chowerengera sikirini chotchedwa Orca.

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Ndinalowetsa fulashi, makina analira kabelu kakang'ono, ndinadina S, ndipo patapita kanthawi liwu linayamba kundifunsa mafunso: chinenero, dziko, dzina la kompyuta, disiki. Ndinayankha ndekha mpaka kumapeto. Mwana anangondithandiza poyamba penipeni, posankha kuti makina ayambire pa fulashi, chifukwa pamenepo sipalankhula. Zina zonse ndinachita ndekha, iye ali panja akutsuka mbale. Kwa zaka zonsezi kompyuta ikavuta ndinkainyamula kupita nayo kwa munthu woona, n'kukhala pabenchi kudikira, osadziwa zimene akuchita m'mafayilo anga. Tsiku limenelo ndinakhala pampando nthawi yaitali manja ali pa kiyibodi, mtima uli mwaa.

Zoyenda bwino ndizitchula mwachangu. Firefox ndi Orca zimamvana, ndipo batani la H limakudumphitsa pa mitu monga mmene zilili ku NVDA. LibreOffice Writer imandikwanira polemba, ngakhale nthawi zina fayilo ikafika kwa amene ali ndi Word mizere imasuntha pang'ono. WhatsApp ya pa intaneti imagwira. Makinawo ndi akale koma amathamanga, ndipo batire limandifikitsa maola atatu. Orca ikasiya kulankhula, mabatani a Super (lija la chizindikiro cha Windows), Alt ndi S pamodzi amaidzutsa. Zala zinatenga mwezi wathunthu kuti ziiwale njira zakale. Ndinkadina Insert ndi F12 kufuna nthawi, pomwe kuno ndi batani la Orca ndi T. Chimene ndimasowa kwambiri ndi batani la NVDA ndi R, kuja umadina kamodzi chithunzi cha kalata n'kuwerengeka. Kuno PDF yojambulidwa ndimayamba ndaipititsa mu Tesseract, pulogalamu yosandutsa chithunzi kukhala malemba, ndipo pamene ntchito ili yofulumira zimenezi zimatopetsa.

Pa Chinyanja ndikupatseni nzeru imodzi. Liwu ndi lomwe lija la eSpeak limene ambirife tinalizolowera ku NVDA. M'ndandanda wa zinenero zake sindinapezemo chathu, choncho ndimasankha Chiswahili ndikamawerenganso zimene ndalemba. Mavawelo amatuluka bwino, ng' amamutchula molondola, ndipo limatsindika pamalo pamene ifenso timatsindika. Limangolephera pa th: mawu akuti nthawi limawatchula ngati mwana amene waguluka mano akutsogolo. Khutu limazolowera m'masiku awiri.

Tsopano vuto lenileni, limene linandidyera ndalama ndi tulo.

Linayamba mu March. Ndili pakati pa ntchito, mahedifoni m'makutu, mawu anayamba kuthetheka, mbali imodzi inazima, kenako zii. Ndinazula mahedifoni kuti ndimvere pa sipika. Zii. Ndinadina Super, Alt, S. Zii. Woona sangamvetse msanga chimene bata limeneli limatanthauza. Kwa iye sikirini ikadali yowala, akuona kuti zonse zilipo. Kwa ine kompyuta yonse yasowa. Sindidziwa ngati fayilo yanga ikadali yotsegula, ngati ndinasunga, ngati batani limene ndadina lafufuta ndime. Ndinaika dzanja pambali pa makina kuti ndimve mpweya wotentha wa fani, ndipo ndi umenewo wokha unandiuza kuti akadali moyo. Ndinazimitsa ndi batani, kutseka, kutsegula, kuyatsa. Inalankhula. Ndinati mwina zangochitika.

Zinabweranso patapita masiku anayi, kenako kawiri pa sabata, kenako tsiku lina katatu. Ana akakhala kusukulu ndinkayatsa Be My Eyes pa foni, n'kulozetsa kamera pa sikirini kuti mlendo wakutali andiuze zimene zili pamenepo, bandulo ikutha. Onse ankandiuza chimodzimodzi: zonse zikuoneka bwino, fayilo yanu ilipo. Ndiye ine ndinagamula mlandu kuti wolakwa ndi Linux. Ndinali nditamvapo kuti nkhani ya mawu kumeneku imavuta, ndipo ndinakhulupirira msanga chifukwa ndinali nditatopa.

Mu April, waranti isanathe, ndinakwera minibasi mpaka ku Kulima Tower, mwana atandigwira mkono, laputopu m'chikwama. Wogulitsa uja anaiyatsa, ndipo atangoona kuti mulibe Windows anasintha mawu. Anati, "Bosi, apa ndiye mwaononga nokha. Mukachotsa Windows waranti yatha." Ndinamufunsa kuti, "Akulu, zimenezo zalembedwa pati pa risitipa?" Mwana anawerenga risiti yonse mokweza, panalibe mawu otero. Iye sanandiyankhe ine. Anatembenukira kwa mwanayo n'kunena kuti, "Uwauze adadi ako kuti zinthu izi ndi za anthu odziwa makompyuta." Ndinali nditaima pomwepo, ndodo yanga yoyera m'manja, ndalama zinali zanga, ndipo Debian yo ndinaika ndine. Zimenezi zinandipweteka kuposa vuto la mawulo. Tinabwerera osathandizidwa.

Ndinaikanso Debian kachiwiri, poganiza kuti mwina ndinalakwitsa penapake. Mnzanga wina wodziwa zambiri anandiuza kuti ndizimitse Auto-Mute, ija imatseka sipika ukalowetsa mahedifoni, mu alsamixer, pulogalamu yosinthira mawu. Zinaoneka ngati zathandiza kwa sabata imodzi, kenako bata linabwerera. Mu May ndinalephera kupereka ntchito ya maola 6 a mawu pa tsiku limene tinapangana, ndipo mayi amene ananditumayo anapereka mbali yotsalayo kwa munthu wina. Sindiwaimba mlandu, nawonso anali ndi owadikira. Koma K900 inapita, mwezi umene lendi inali itakwera. Usiku umenewo mukanandifunsa, ndikanakuuzani kuti musayandikire n'komwe, khalani pa Windows yanu ngakhale ikhale yotha.

Amene anapeza gwero la vutoli ndi mwana wanga yemweyo. Loweruka lina mu June makina atakhalanso chete, anabwera kudzayang'ana n'kunena kuti, "Adadi, pakonapa pakuonetsa kuti mwalumikiza mahedifoni." Mahedifoniwo anali patebulo. Ndinamuuza kuti agwedeze makina pang'ono pafupi ndi kabowo kake. Anati chizindikiro chasintha, ndipo nthawi yomweyo Orca inalankhula pa sipika. Kabowo ka mahedifoni kali ndi kachitsulo mkati kamene kamauza kompyuta ngati mwalowetsa pulagi kapena ayi. Kanga kanali kotha. Ukalowetsa mahedifoni sikagwira bwino, mawu n'kuduka. Ukazula kamatsalira, kompyuta n'kumaganiza kuti mahedifoni akadalimo, n'kutseka sipika. Orca nthawi yonseyi inkalankhula ndithu, koma inkalankhulira m'bowo lopanda munthu. Kuzimitsa ndi kuyatsa kuja sikunali kukonza kanthu, kunali kugwedezeka kwa makina potseka ndi potsegula.

Ndinafuna umboni. Ndinapita kwa mnyamata wina wokonza makompyuta ku Kamwala, amene anaikamo disiki yake ya Windows kwa kanthawi, ndipo vuto linatulukanso chimodzimodzi. Mnyamata ameneyu ankalankhula ndi ine mwini, ndipo anandigwiritsa chala pa kabowoko kuti ndimve mmene kakugwederera. Anandiuza mtengo wosinthira, koma anandilangiza kuti chotchipa ndi kachipangizo ka mawu kolowetsa pa USB, kakang'ono ngati chala chachikulu. Ndinagula pa K120. Debian inakazindikira osafunsa kalikonse. Kuyambira June mpaka lero, kompyuta sinakhalenso chete ngakhale tsiku limodzi. Ndinagula kachiwiri kosungira, kamakhala m'thumba la jekete pamodzi ndi chiphaso changa cha NRC.

Ndiye poyankha funso lanu, achimwene, ndiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene kwa miyezi inayi ndinaziphatikiza. Debian ndi Orca sizinandilakwire. Zili ndi pofooka pake: mapulogalamu ena salankhula bwino, Calc, ija ya matebulo ngati Excel, imandichedwetsa tebulo likakula, ndipo mukasokonezeka, anthu oti muwafunse m'Chinyanja ndi ochepa, pomwe za NVDA aliyense wa ife amadziwako kena kake. Ngati ntchito yanu ili mu ofesi imene onse amagwiritsa ntchito Word, Excel ndi Outlook, ndipo abwana angakugulireni makina olola Windows 11, khalani pa NVDA, musadzivutitse. Masiku amene ndalandira PDF yojambulidwa ya masamba ambiri ndimalakalaka nditabwerera. Koma masiku ambiri, ndikamalemba mbandakucha makina akale awa akuthamanga osandipempha laisensi, ndimaona kuti ndinasankha bwino. Inuyo kompyuta muli nayo kale, mukuidziwa kuti sipika ndi kabowo kake n'zabwino. Chimene chinandigwetsa ine sichikukhudzani.

Kuwerengera ndalama kwake n'kotere. Pa mapulogalamu sindinalipire ngwee. Koma pa K3,800 ya makina muonjezepo K240 ya tizipangizo tiwiri, K100 ya mnyamata wa ku Kamwala, K900 ya ntchito ija, mabandulo, ndi maulendo a minibasi a anthu awiri, chifukwa m'tauni ndi katundu sindipita ndekha. Zonsezo pamodzi zikanandigulira makina abwinopo. Ndikadzagulanso, ndidzapita ndi fulashi yanga ndi mahedifoni anga, ndidzalowetsa ndi kuzula kakhumi, ndidzagwedeza makinawo ali mkati molankhula, ndipo ndidzauza wogulitsa alembe pa risiti ndi dzanja lake kuti waranti ndi ya makina, kaya muli Windows kaya mulibe.

Kwa wogulitsa uja ndinabwererako mu July, nditatenga kapepala kamene mnyamata wa ku Kamwala analemba. Nthawi ino ndinauza mwana kuti aime pakhomo, ndilankhule ndekha. Ndinati, "Akulu, mu April ndinabwera waranti ikadalipo, munati ndaononga ndine. Vuto ndi ili, linalipo chigulireni." Anawerenga, anakhala chete, kenako anati miyezi itatu inadutsa kale koma poti ndine kasitomala wake andibwezera K300. Anandipatsa K150 pamanja, yotsalayo anati atumiza pa foni kumapeto kwa mwezi. Tili mu December. Ndamuimbira kanayi, kawiri anayankha kuti bizinesi yavuta. Ndalamayo si yambiri, koma sindinaisiye, ndipo sabata yamawa ndikupitakonso.

Inu bwerani Loweruka ndi kompyuta yanuyo, mutsikire pa msika wa Chawama, mwana adzakuchingamirani. Mafayilo anu muyambe mwawakopera pena. Tidzayatsa Debian kuchokera pa fulashi popanda kufufuta Windows yanu, mudzakhale nayo masana onse, mudzalembe kalata, mudzatsegule imelo, mudzamve nokha ngati liwu la Orca mungakhale nalo.