Kukiliniki ya mano m'tauni muno sanathamangire kuzula

Ndati ndilembeko za kiliniki ina ya mano ya pulayiveti muno mu Zomba, chifukwa ine ndinapita nditakonzeka kuti mwana wanga akazulidwa dzino koma tinabwerako mano onse ali mkamwa.

Mtsikana wangayu ali ndi zaka 7, mano akumbuyo aja omwe amamera pa zaka 6 anatuluka kale ndi madontho achikasu, kwinaku ngati akufumbutuka, akamwa madzi ozizira kulira. Ine ndimangomukalipira kuti ndi maswiti ndi mafilizesi aku sukulu, agogo akenso ku Chinamwali amvekere mwanayu sakutsuka mkamwa.

Adokotala atamuona anati mayi musamudzudzule mwanayu, dzinoli linabwera chonchi. Anatenga pepala nkujambula, akuti choyera cholimba chapamwamba pa dzino chija, enamel, chimapangidwa dzino lidakali mkati mwa nkhama, ndi timaselo totchedwa ameloblast, ndipo dzino likangotuluka timaselo tija ntchito yatha timafa, ndiye enamel ikawonongeka siimeranso ngati chikhadabo ayi. Pafupifupi 96 peresenti ya enamel ndi mchere wa kashiamu ndi fosifeti, mthupi monse mulibe cholimba kuposa pamenepa. Chomwe chinandikhudza ndi choti mano akumbuyowa amayamba kulimba nthawi imene mwana akubadwa mpaka cha pa zaka 3, pomwe mano oyamba aja ogweluka amayambira m'mimba momwe. Anandifunsa ngati ankadwaladwala ali khanda, eee malungo ndi kutentha thupi zinatizunzadi chaka choyamba chija, anati mwina nzimenezo zinasokoneza koma sangalumbire. Anafunsanso ngati timamwa madzi a pamjigo, poti madzi ena amakhala ndi fulorayidi wambiri amene amathimbiriritsa mano a ana osafika zaka 8, ife ndi apampopi.

Anamupaka mankhwala olimbitsa mano a fulorayidi nkumata dzino limodzi, mwana sanalire olo pang'ono, nesi wake amamucheza nkhani za kusukulu mpaka kuseka.

Chondinyasa ndi nthawi basi, anatiuza 9 koloko koma tinalowa itadutsa 11, magetsi anazimanso jenereta kuchedwa kuliza, pabenchi popanda wotiuza chikuchitika nchani. Mtengonso ndiwoboola mthumba ndithu, funsiranitu musanakhale pampando uja.

Tibwereranso pakatha miyezi 6 kuti akaone ngati chomatacho chagwira, ndipo ulendo uno nditenga ndi kamng'ono kake komwe.