Besi yathabwa mu nyimbo za house: igwire pansi yokha, igawane ndi sub, kapena mutenge ya m'kompyuta?

Upright bass, besi yaikulu yathabwa imene ena amati double bass, imabweretsa mu nyimbo zovina zinthu zimene synth ilibe: kulira kwa thabwa, kukwecha kwa chala pa nsambo, ndi kutsetsereka kwa noti poti chidachi chilibe mafureti (tizitsulo togawa manoti pa khosi, ngati ta pa gitala). Vuto lili pansi. Nsambo zake zinayi zikalira zosagwidwa zimapereka manoti E pa 41 Hz (Hz ndi muyezo wa kutsika kapena kukwera kwa liwu), A pa 55 Hz, D pa 73 Hz ndi G pa 98 Hz, pomwe kick (ng'oma yaikulu yogunda pansi) ya house nthawi zambiri imakhala pakati pa 50 ndi 60 Hz. Awiriwa akulimbirana mpando umodzi. Musanakhudze EQ (chida chokweza kapena kutsitsa madera a mawu), gamulani kaye kuti mwini dera la pansi pa 90 Hz ndi ndani, chifukwa zina zonse zitsata pamenepo.

Ngati mukujambula woimba weniweni, pali kale kusankha pakati pa maiki ndi pickup (kachipangizo komangidwa pa chidacho kotola mawu ake). Maiki ya condenser, kapena dynamic yaikulu ngati Electro-Voice RE20, yoikidwa masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa bridge (kathabwa kochirikiza nsambo), imamva thupi lonse la chida, koma imatolanso chipinda ndi click (kugunda kosungitsa woimba nthawi) yodontha m'mahedifoni. Mukailozetsa m'bowo la pa thupi la chida looneka ngati f lenilenilo, manoti ena amafufuma ngati munthu akuimbira mumgolo. Pickup ya piezo, monga Fishman Full Circle kapena Realist ya David Gage, imangomva kunjenjemera kwa thabwa. Siitola chipinda ndipo noti imayamba mwamphamvu, koma payokha ndi youma, yolankhulira m'mphuno. Imafunanso polowera pa impedance ya 1 megohm kapena kuposa. Mukaibaya pa line input wamba, pansi ponse pamathawa. Jambulani zonse ziwiri pa matiraki osiyana. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, choncho maiki ya pa masentimita 30 imachedwa pafupifupi 0.9 ms, omwe ndi masampulo 42 pa 48 kHz. Chedwetsani pickup ndi mlingo umenewo, dinani batani la polarity, musunge mbali imene pansi pakumveka polemera.

Njira yoyamba ndi kuisiya besiyo igwire pansi ponse yokha. Imagwira bwino mu deep house yoyenda pang'onopang'ono, cha m'ma 118 mpaka 122 BPM, yokhala ndi zida zochepa, komanso mu drum and bass ya mtundu umene unatchuka ku Bristol m'zaka za m'ma 1990, mmene kick ndi yaifupi ndipo ili chakumwamba. Ntchito yaikulu pano ndi kulinganiza manoti. Besi yathabwa siilira mofanana: noti ina imagunda pachifuwa, yotsatira n'kuzilala, ndipo noti yokodoledwa ndi chala imafa msanga. Yambani ndi dzanja, kukweza ndi kutsitsa noti iliyonse ndi clip gain mpaka zisiyane ndi 3 dB basi. Kenako ikani makompuresa (zida zotsitsa mawu akakwera kwambiri) awiri motsatizana: yoyamba 4:1, attack 20 mpaka 30 ms kuti kukodola kwa chala kudutse, release cha m'ma 100 ms, itsitse 3 kapena 4 dB, yachiwiri 2:1, yodekha, ichotse 2 dB. Kompuresa imodzi yokoka 10 dB imakweza mpweya wa woimba ndi phokoso la chipinda. Dulani zonse za pansi pa 30 Hz, ndipo sankhani kick yopanda mchira wautali.

Kufooka kwa njirayi kumaonekera pa masipika aakulu. Thupi la chidachi silitulutsa bwino 41 Hz. Zambiri zimene khutu limamva pa E wapansi ndi harmonic yachiwiri ya pa 82 Hz. DJ akaiseweretsa nyimbo yanu pambuyo pa ina yokhala ndi sub (besi yapansi kwambiri) ya synth, anthu amamva ngati pansi pagumuka.

Njira yachiwiri, imene ndiyoyenera nyimbo zambiri zam'kalabu, ndi kugawa ntchito. Besi yathabwa mumaidula ndi high-pass (sefa yochotsa mawu apansi) pa 90 kapena 100 Hz, 24 dB pa octave, ndipo pansi pake mumaikapo sine wave (liwu losalala la synth), yomwe ndiyo sub yanu, yotsata manoti omwewo. Manotiwo amafunika alembedwe m'kompyuta ngati MIDI. Mu pulogalamu ya Ableton Live muli Convert Melody to New MIDI Track, Melodyne imatulutsanso MIDI, ndipo mu FL Studio mungathe kulemba manotiwo mu piano roll n'kuwapatsa 3xOsc. Musakhulupirire MIDI yongotembenuzidwa: kukwecha kwa chala imakuwerenga ngati noti, ndipo nthawi zina imaphonya octave. Yenderani noti ndi noti. Sine ipatseni attack ya 5 mpaka 10 ms kuti isathetheke poyamba, ndipo izizima pamene woimba wazimitsa nsambo. Manoti a pa nsambo ya G kupita m'mwamba ali kale pafupi kapena pamwamba pa malire mwadulawo, ndiye sub yake itsike octave imodzi, apo ayi dera la pansi lizingosowa n'kubweranso.

Msampha waukulu wa njirayi ndi kachunidwe. Sine imaima ndendende pa 55 Hz, koma chala cha munthu pa khosi lopanda mafureti chikhoza kugwera pa 56 Hz, kusiyana kwa masenti 31 okha (kuchoka pa noti ina kufika pa yoyandikana nayo ndi masenti 100). Mawu awiriwo akakumana amalimbikitsana n'kufafanizana kamodzi pa sekondi, ndipo mumamva pansi pakupuma, kufufuma n'kuphwa, ngakhale simunaike effect iliyonse. Ambiri amathamangira ku kompuresa, koma matendawo sali kumeneko. Kwezani high-pass pang'ono kuti besi yathabwa isasiye kalikonse pa 55 Hz, kapena wongolani manoti aataliwo mu Melodyne, otsetserekawo muwasiye. Pamene woimba watsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina, sine imutsate ndi glide kapena pitch bend. Zimenezi n'zofanana mukajambula babatoni wakwathu, amenenso alibe mafureti ndipo noti yake imayendayenda.

Njira yachitatu ndi besi ya masampulo, yojambulidwa kale n'kusungidwa m'kompyuta, monga upright ya mu Trilian ya Spectrasonics. Ndi yochunidwa kale, manoti ndi olingana, ndipo MIDI yomweyo imayendetsa sub popanda mkangano. Pa loop ya bar imodzi yobisala kumbuyo kwa mawu a woimba, ochepa angazindikire. Ikatsala yokha mu breakdown imadziulula, makamaka noti imodzi ikabwerezedwa kanayi ndi mphamvu yofanana. Sinthasinthani velocity, musachotse phokoso la nsambo ikamasiyidwa, ndipo musakanikize manoti onse pa grid.

Mukasankha iliyonse mwa zitatuzi, kick iyenerabe kupatsidwa njira, ndipo zida zake sizichita zofanana. Sidechain (kutsitsa besi kick ikagunda) ya kompuresa wamba, ya mu Fruity Limiter kapena Compressor ya Ableton, imatsitsa besi yonse. Pa synth zimakoma, koma pa upright zimadya kukodola kwa chala nthawi zonse noti ikagwera limodzi ndi kick, chonsecho kukodolako ndi kumene munaitanira woimbayo. Dynamic EQ, monga TDR Nova yomwe ndi yaulere kapena FabFilter Pro-Q 3, imatsitsa dera lokhalo la mkangano ndi 4 mpaka 6 dB, pamwamba n'kutsala chiimire. Zida zojambula kutsika kwa voliyumu, monga LFO Tool ndi Kickstart, ndi zolondola kwambiri pa kick yogunda kanayi pa bar, koma zimapitiriza kutsitsa ngakhale kick yaleka, pokhapokha mutazizimitsa kapena kuziyendetsa ndi MIDI. Kugawa kwabwino ndi uku: sine itsike kwambiri, 8 mpaka 10 dB, pomwe thabwa lingokhudzidwa ndi dynamic EQ. Pa 124 BPM kugunda kumodzi ndi 484 ms, choncho besi ikhale itabwerera pofika 120 ms kuti noti ya pakati, yogwera pa 242 ms, imveke yathunthu.

Pamwamba pake, chotsani 2 kapena 3 dB cha m'ma 250 Hz ngati pakumveka matope, funafunani kubangula kwa thabwa pakati pa 700 ndi 900 Hz, ndipo chala chili pa 2 mpaka 3 kHz, pomwe chingalimbane ndi clap. Saturation pang'ono imathandiza kuti besi imveke pa sipika ya foni, imene siitulutsa sub n'komwe. Zonse za pansi pa 120 Hz zikhale mono. Woimba akachedwa kapena kutsogola, dulani notiyo muisunthe ndi crossfade ya 5 mpaka 10 ms m'malo moitambasula ndi time-stretch, imene imachititsa manoti apansi kunjenjemera, ndipo dulani matiraki a maiki ndi pickup pamodzi kuti masampulo 42 aja asasokonekere.