Wits School of Governance: sukulu yabwino, koma konzekani thumba

Kwa Amalawi a ku Joni amene mukufuna masters ya kayendetsedwe ka boma, sukulu ya Wits ku Parktown ndi yoyenera kuiganizira. Maphunziro ambiri amakonzedwa moganizira anthu apantchito, ndipo m'kalasi mumakhala ndi ogwira ntchito m'boma, zomwe zimakometsa zokambirana. Chofooka chake: zitsanzo zambiri n'za South Africa, za kwathu muzidzifufuzira nokha.

Vuto lalikulu lili pa mapepala. Digiri ya ku Malawi iyenera kuunikidwa kaye ndi SAQA, bungwe la South Africa lounika mapepala a maphunziro, ndipo zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Akaiika pa NQF 7 (mulingo wa digiri yoyamba pa sikelo ya maphunziro ya kuno), masters simulowa mwachindunji. Mudutsa kaye dipuloma ya NQF 8, chaka china cha fizi.

Pa ndalama, NSFAS (thandizo la boma kwa ophunzira) iiwaleni, si ya alendo. Yesani ma scholarship a Mandela Rhodes kapena Canon Collins. Viza ya maphunziro imafuna medical aid (inshuwalansi ya chipatala) yolembetsedwa m'dziko lino, ndipo imalola ganyu wa maola 20 okha pa sabata, wosakwana lendi ndi fizi pamodzi. Amene munalowa ngati alendo ongocheza, simungasinthire viza muli konkuno.