Patha miyezi chisiyireni Facebook ndi TikTok, nayi nkhani yake

Ambiri munandifunsa momwe zikuyendera kuchokera nthawi ija ndinanena kuti ndachotsa Facebook ndi TikTok mufoni komanso ana anga ndawaikira malire, ndiye pano patha miyezi ndithu ndipo sindinabwerereko ayi. Masabata oyamba chala chinkangopita chokha pamene panali ka app kaja koma zinatha zokha. Chomwe ndinaona msanga ndi bandulo, yomwe inkatha masiku ochepa pano ikumafika mpaka tsiku lake, mavidiyo aja ndi amene amadya data.

WhatsApp yokha sindinayisiye ndipo musanamizidwe kuti zingatheke. Uthenga wa maliro kuno ku Chinamwali umabwera pomwepo, gulu la banki m'khonde, la kumpingo, ngakhale aphunzitsi a mwana wanga wa Sitandade 8 za mayeso a MANEB amatumiza pa gulu la makolo. Ndinangotuluka m'magulu a miseche aja basi.

Kwa ana ndikugwiritsa ntchito app ya Google yotchedwa Family Link, ndi yaulere, umaika maola amene mwana agwire foni patsiku ndipo usiku imadzitseka yokha. Imagwiradi ntchito koma ana ndi ochenjera abale, foni yake ikatseka amakabwereka ya mnzake kapena kunyengerera agogo awo, ndiye ndinachita kukambirana nawo agogowo kuti tikhale pamodzi pa nkhaniyi. Wamkulu anandikwiyira kwambiri, ati "amayi, anzanga onse ali pa TikTok", chonsecho TikTok yomweyo imakana ana osakwana zaka 13. Chimene chinamufewetsa si app ayi, ndi kuona kuti inenso pa nsima sindigwira foni ndipo usiku mafoni onse, yanga yomwe, amagona pa chaja pabalaza. Pano akugona msanga, m'mawa sitikulimbana podzuka, wamng'ono wabwerera ku mpira ndi anzake. Wamkuluyo amadandaulabe apo ndi apo, Loweruka ndimamuonjezera nthawi.

Choipa chilipo, ndisabise. Ndimagulitsa zitenje ndipo makasitomala ena, makamaka atsikana a ku Chanco, ankandipeza pa Facebook, amenewo achepa ndithu ndipo zimandiwawa. Pano ndimaika katundu pa status ya WhatsApp ndi kudalira amene amandipeza mumsika wa Zomba, ndalama yatsikako koma kubwerera kuja ine ayi.