Musanasayine kontrakiti ya ku Croatia, dziwani mawu okana

Abale amene mukulota ntchito za m'mahotela a ku Split ndi Dubrovnik kapena za zomangamanga ku Zagreb, ma ejenti ambiri akukuuzani kuti Chingerezi nchokwanira. Akukunamizani. Kontrakiti, yomwe kuno amati ugovor o radu, imabwera m'Chikroashiya, ndipo ndalama zanu zimathera pa timawu ting'onoting'ono tokana.

Kukana wamba ndi ne patsogolo pa mneni, kolembedwa padera: ne razumijem, sindikumva; ne radim, sindigwira ntchito. Koma aneni atatu amamatirira: nisam, sindine, nemam, ndilibe, neću, sindifuna. Pa pepala sakani nije ndi nisu, onse otanthauza "si" wokana (j amatchulidwa ngati y). Smještaj nije uključen ndiye kuti pogona mulipira nokha. Režije nisu uključene ndiye kuti magetsi, madzi ndi zotenthetsera nyumba m'chisanu zili pa inu, ngakhale ejenti analumbira kuti nyumba njaulere. M'chaka cha 2025 malipiro otsikitsitsa a boma anali mayuro 970 bruto, asanadule za penshoni ndi msonkho. Ofika m'thumba ndi neto. Tsono achotsenso lendi pamenepo, kumudzi mutumiza chiyani?

Pomwe ife timagwa kwambiri ndi apa. Kwathu "palibe amene sadziwa" ndiye kuti onse akudziwa. Kuno mawu okana awiri kapena atatu safafanizana, amalimbitsana. Nitko ne zna ndi "palibe akudziwa". Nikad ništa ne plaćaju ndi "salipira kanthu ngakhale kamodzi". Inunso polankhula musasiye ne pambuyo pa nikad, ništa kapena nitko, chiganizo chimakhala cholumala.

Siyanitsaninso ne moraš ndi ne smiješ. Oyambawo akuti simukukakamizidwa, achiwiriwo akuti nkoletsedwa. Kapitawo akati ne smiješ pa makina, musakhudze.

Mawu onena kuti chinthu chimachitika kangati ndi awa: uvijek nthawi zonse, često kawirikawiri, ponekad nthawi zina, rijetko mwa apo ndi apo, nikad sizichitika n'komwe. Oopsa ndi ponekad. Bwana akati Loweruka timagwira ponekad, nyengo ya alendo ya Julayi ndi Ogasiti ikafika limasanduka Loweruka lililonse. Musavomere ndi mutu. Funsani koliko puta mjesečno?, kangati pamwezi, ndipo yankho likhale nambala: jednom tjedno, kamodzi pasabata, dvaput mjesečno, kawiri pamwezi. Lamulo la ntchito limati sabata yathunthu ndi maola 40, opitirira apo ndi prekovremeni rad ndipo amalipidwa mowonjezera.

Pa za malipiro mverani bwino još ne ndi više ne. Još nije sjela akuti ndalama sinalowebe mu akaunti. Više ne akuti zinatha, sizichitikanso. Malipiro a mwezi sayenera kudutsa pa 15 mwezi wotsatira, choncho još ne wa pa 20 si wopirira ayi.

Ejenti wachilungamo alipo, ngakhale ngosowa. Mumuzindikira chifukwa amakutumizirani kontrakiti musanalipire tambala, nakuwerengerani nije aliyense payekhapayekha. Amene amayankha funso lililonse ndi nema problema, palibe vuto, koma pepala osakuonetsani, musamugulitsire munda wa makolo.