Electron, Qt kapena WPF: windo yodzikonzera wekha pa makompyuta a kuchigwa kuno

Amene timalemba timapulogalamu ta m'masitolo, m'makopaletivi a alimi a thonje ndi m'masukulu kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, pempho ili talimva kambiri. Mwini ntchito sakufuna windo wamba ya Windows. Akufuna mtundu (kala) wa bizinesi yake, chizindikiro chake pamwamba, ndi mabatani akuluakulu oti wogulitsa aziwaona ngakhale kuwala kwa dzuwa la ku Ngabu kutalowa m'sitolo monse. Zida zomangira mapulogalamu zomwe anzanga ambiri amatsutsana kuti chabwino n'chiti ndi zitatu: Electron, Qt ndi WPF.

Tiyambe tagwirizana chinthu chimodzi. Kamzere kapamwamba kaja, kokhala ndi dzina la pulogalamu ndi mabatani atatu, sikajambulidwa ndi pulogalamu yanu. Mwini wake ndi Windows. Ndi Windows yomweyo imene imasuntha windo mukaikoka ndi mausi, kuikulitsa mukagwira m'mphepete, kuika kamthunzi mozungulira, ndi kuikhazika theka la sikirini mukaikankhira kumbali. Mukachotsa chimango, kutanthauza kamzereko ndi m'mphepete mwa windo, kuti mujambule chanu, zonsezi zimatsagana nacho. Zida zitatuzi zimasiyana pa zimene zimakubwezerani, ndi mtengo umene zimalipiritsa.

Pa kufulumira kumanga, Electron ilibe mnzake. Inachokera ku GitHub mu 2013, ndipo Visual Studio Code, Slack ndi Discord zinamangidwa nayo. Mukalemba frame: false chimango chachoka. Mukaika -webkit-app-region: drag mu CSS, chinenero chokonzera maonekedwe a masamba a pa intaneti, kamzere kanu kayamba kukokeka, mungokumbukira kuika no-drag pa mabatani, apo ayi sadinika. Palinso titleBarOverlay, imene imakusiyirani mabatani atatu enieni a Windows pamwamba pa mtundu wanu. Wodziwa HTML ndi JavaScript, pofika madzulo ali ndi windo yooneka bwino.

Koma pulogalamu iliyonse ya Electron imayenda itasenza Chromium yonse (injini ya bulawuza ya Chrome) ndi Node.js (yoyendetsa JavaScript). Kapulogalamu kolemba ngongole za makasitomala kamadutsa 100 MB mukakaika pakompyuta: kubwereka lole kuti inyamule thumba limodzi la thonje. Ndipo laputopu imene kakagwire ntchito si yanu ija. Ndi yakale, RAM 4 GB, hadidisiki yozungulira, fumbi lili tho m'fani, mu Okutobala kutentha kutapitirira madigiri 40. Onjezani za batire. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 ndi kuchotsa pafupifupi 130 MW pa magetsi a dziko lonse, tonse tinaphunzira kuwerengera mphindi za batire, ndipo wogulitsa wodalira kasola kakang'ono ku Bangula amaziwerengerabe mpaka lero. Komanso kuyambira Electron 23, mu 2023, Windows 7 ndi 8 anazisiya, chonsecho m'maofesi ena kuno zidakalipo.

Qt ndi yakale, inatuluka ku Norway mu 1995, ndipo VLC ndi Telegram Desktop zimaigwiritsa ntchito. Imajambula yokha mabatani ndi mabokosi ake, choncho kusintha maonekedwe ndi QSS, imene imafanana ndi CSS, sikuvuta. RAM imadya pang'ono poyerekeza ndi Electron. Imayenda pa Linux, zomwe n'zofunika kwa amene amadzutsa makompyuta akale a pasukulu powaika Ubuntu kapena Mint. Ndipo simukakamizidwa kuphunzira chinenero cha C++, Python ikwanira, kudzera mu PyQt kapena PySide zimene zimailumikiza ndi Qt.

Vuto lake lili pa chimango pomwepo. FramelessWindowHint imachotsa zonse osasiya kanthu: kukoka, kukulitsa, mthunzi. Ambiri amathamangira kulemba mouseMoveEvent yawo, windo n'kumasuntha ndithu, koma osakhazikika kumbali mukaikankhirako. Kuyambira Qt 5.15 kuli startSystemMove ndi startSystemResize, zomwe zimabwezera ntchitoyo kwa Windows, gwiritsani zimenezo. Musaiwalenso za chilolezo. PyQt ndi ya GPL, chilolezo chofuna kuti mupereke code yanu, kapena yogula, pamene PySide ndi ya LGPL, chimene sichikakamiza zimenezo, ndiye ngati mukugulitsa pulogalamu yanu osapereka code, PySide ndiyo yopanda mlandu. Mukaimanga ndi PyInstaller, chida chosandutsa pulogalamu ya Python kukhala fayilo yongodina, imalemera ma MB makumi angapo, ndipo nthawi zina antivayirasi amaikayikira popanda chifukwa, kasitomala n'kuyamba kukuyang'anani ndi diso lina. Qt 6 imafuna Windows 10 kupita m'tsogolo. Wa Windows 7 akhale pa 5.15.

WPF, ya Microsoft kuyambira 2006, ndiyo ine ndimaikonda pa ntchito za kuno, ndipo chifukwa chake ndi WindowChrome. M'malo mogwetsa chimango chonse, mumangouza Windows kuti mujambula nokha pamwambapo, iyo ipitirize ntchito yake. CaptionHeight imanena kutalika kwa malo okokera, ResizeBorderThickness imanena m'mphepete mogwira, ndipo batani lililonse lanu lokhala pamzerepo mumalipatsa IsHitTestVisibleInChrome kuti lizidinika. Kukoka, kudina kawiri, kukankhira kumbali, zonse zimagwira monga kale. Msampha wodziwika ndi wakuti windo ikadzaza sikirini imasefukira pang'ono kunja mbali zonse, ndiye mumaonjezera Margin pa nthawi imeneyo. Wina ndi AllowsTransparency: imakopa chifukwa cha makona ozungulira, koma imalemetsa makina ofooka. Ine ndimaisiya.

Chachikulu n'chakuti .NET Framework 4.8, maziko amene WPF imayendapo, imabwera kale mu Windows 11, ndi mu Windows 10 kuyambira 2019. Pulogalamu yanu imakhala kafayilo kakang'ono koti mungakatumize pa WhatsApp kwa munthu ali ku Makhanga, osam'thera bandulo, osadikira kuti msewu uume kuti mukapereke fulashi pamanja. Katundu wolemera amagwera inu omanga: Visual Studio, pulogalamu yomangira, ndi ma GB angapo, ndipo XAML, chinenero cholembera maonekedwe a windo, ndi ma binding ake olumikiza maonekedwewo ndi deta zimazunguza mutu masabata oyamba. Pa Linux ndi Mac, WPF siyenda n'komwe.

Za Tkinter, chida chojambulira windo chobwera ndi Python, musataye nazo nthawi pa nkhani iyi: overrideredirect imachotsa chimango, windo n'kusowanso pa taskbar. Tauri, chida chofanana ndi Electron, ndi yopepuka chifukwa imabwereka WebView2, injini ya bulawuza ya Windows, m'malo mosenza Chromium yake, koma kumbuyo kwake kuli chinenero cha Rust, imene si aliyense ali nayo nthawi.

Ndiye sitolo kapena ofesi ya Windows yokhayokha, WPF. Kumene kuli Linux, kapena inu ndinu a Python, PySide. Electron ndingaivomere ngati muli kale ndi pulogalamu ya pa intaneti yomwe mukungofuna kuiveka windo, ndipo makina ake mwawaona ndi maso anu.

Pa Windows 11 pali kenanso. Mukaimika mausi pa batani lokulitsa, pamatuluka timabokosi togawira sikirini. Batani lojambula nokha, kaya mu Qt kaya mu WPF, silitulutsa timeneti pokhapokha mutagwira uthenga wa WM_NCHITTEST ndi kuyankha HTMAXBUTTON. Ngati kasitomala akungofuna mtundu wake pamwamba basi, Windows 11 yomweyo imalola kusintha mtundu wa kamzereko kudzera mu DwmSetWindowAttribute, chimango chili chikhalire. Mufunseni kaye zimenezo musanachotse kalikonse.